Timiyala ta m'thumba mwa a Sixten

M'mawa uliwonse, asanamwe khofi, a Sixten Rydell ankayenda msewu wathu kuchokera pageti pawo mpaka poimira basi. Ankayenda pang'onopang'ono, mutu uli pansi, manja kumbuyo. Akaona kamwala, kamsomali kapena chitsekerero cha botolo, ankawerama n'kuponya m'thumba la jekete. Ine ndinkawaonera pawindo ndikuyamwitsa mwana wanga Ebbe. Moni sindinkawapatsa, chifukwa pakamwa pamandilemera ndi anthu osawazolowera.

Anayamba ndi iwo. Tsiku lina anaima kutsogolo kwa chikuku cha mwana.

"Make mwana, taimani kaye. Nati ya tayala ili yakhwepa. Ikagwa, wovutika kuitola ndine."

Akuimanga ndi zala, ndege yankhondo inadutsa pamwamba pathu, Ebbe n'kuyamba kulira.

"Tonthola, bwana wamng'ono," anatero. "Imeneyo ndi yaulemu. Ukanamva anzake akale, bwenzi mano atamera lero lomwe."

Kuyambira pamenepo ndinkapita kwawo kukamwa khofi ndi mabanzi a sinamoni. Iwo ankalankhula, ine ndinkamvetsera, ndipo tonse zinkatikomera choncho.

A Sixten analowa ntchito pabwalo la ndege la asilikali kuno ku Malmslätt ali mnyamata, nkhondo yaikulu itangotha kumene. Ndege zoyamba zimene anagwira zinali zokhala ndi chopukusa mphepo kumphuno. Kenako kunabwera ya jeti, yonenepa pamimba, imene anthu anaitcha Mgolo. Akuti ataiona koyamba anaseka, amvekere chinthu ichi chikauluka ndidya chipewa changa. Chinauluka, ndipo chinasiya zonse m'mbuyo. Pambuyo pake kunabwera ina ya mapiko ngati nsonga ya mkondo, yothamanga kuposa phokoso lake lomwe, moti inkagwedeza makapu m'makabati a anthu. Itatha iyo kunabwera yolemera, yotha kutera pamsewu wa galimoto pakati pa nkhalango. Za masiku ano, a Sixten ankati, zimaganiza zokha, makaniko amangozifunsa pamene pakuwawa.

"Koma za jeti zonsezi m'kamwa ndi chimodzimodzi," ankatero. "Ya chopukusa inkakankhira zinyalala kumbuyo. Ya jeti imameza. Kasikuluwu kamodzi kakalowa, m'kati monse mumasanduka phala. Ndinaiona injini yotero ndidakali mnyamata pantchito. Woyendetsa wake anapulumuka, koma anabwera kudzatiyang'ana m'maso mmodzimmodzi."

Ndiye m'mawa uliwonse, ndege isanalire, amakaniko onse ankandanda phewa ndi phewa n'kuyenda bwalo lonse akutola chilichonse chogwa. Anachita zimenezi mpaka imvi. Ntchito inatha, koma khosi linakana kuwongoka.

Akazi awo, a Majken, ali moyo, ankawakhuthula m'matumba madzulo aliwonse n'kukataya timiyalato kuseri kwa maluwa. Atamwalira, panalibenso wokhuthula. A Sixten kutaya pansi chinthu chimene atola sankatha, dzanja linkakana. Choncho ankathira m'mabotolo a jamu. Ndipo chipale cha nyengo yozizira chitasungunuka chaka chimene tinadziwanacho, msewu unatsala ndi timiyala tonse timene a khonsolo amamwaza kuti anthu asaterereke. Mabotolo anadzaza pawindo, patebulo, mpaka pamasitepe.

Ndi mmene anawapezera mwana wawo, a Gunnel, atabwera kuchokera kumzinda wa Göteborg. Iwo anakula osadziwa zambiri za ntchito ya bambo awo, poti masiku amenewo za kubwalo sizinkanenedwa kunyumba. Lachinayi masana anagogoda pakhomo panga, maso ali ofiira.

"Ndinu Tove eti? Bambo amakutchulani. Mwaona zimene zili m'nyumbamo? Mutu wayamba kuwasokonekera. Ndawapezera malo kunyumba ya okalamba kufupi ndi kwathu. Lolemba ndiwatenga."

"Iwo akuti bwanji?"

"Akuti akatuluka m'nyumba muja atanyamulidwa. Ndikawafunsa za miyalayo amangoti ndi ya pamsewu. Yankho limenelo?"

Ndinkadziwa kuti a Sixten akachoka kuno, kopanda kulira kwa ndege, kopanda anzawo, sakachedwa kufota. Ndinangoyang'ana mutu wa Ebbe. A Gunnel anali atafika kale pageti pamene ndinakuwa, mawu achilendo ngati si anga.

"Amayi! Loweruka mukhalapo? Bwerani nafe kukabwalo kakang'ono kuseri kwa nkhalango. Musafunse, ine kufotokoza sinditha. Mukangoona."

Kumeneko kuli kagulu ka amakaniko opuma ntchito. Amasunga Mgolo umodzi wakale m'shedi, ndipo chipale chikatha amautulutsa n'kuliza injini. Suulukanso, koma amati ukapanda kutsokomola udzafa.

Loweruka titafika pamodzi ndi a Sixten, tinapeza nkhalamba zodzaza galimoto zingapo, zili ndi mafulasiki. Mmodzi wamfupi, wandodo, dzina lake a Folke, anakuwa ali patali.

"Sixten! Ukadali moyo? Ine maluwa ndinagula kale!"

"Ukadzigonekere wekha, mbala ya masipanala iwe. Sipanala ija unabwereka mfumu yakale ili pampando, ili kuti?"

"Ndiibweza pamaliro ako. Awa ndani? Wakwatiranso awiri?"

"Tseka pakamwa. Uyu ndi Gunnel wanga, uyu ndi make Ebbe."

A Folke anavula chipewa, kenako anayang'ana a Gunnel kuyambira kumutu. "Mayi, ndolozo ndi chopanira tsitsicho muike m'galimoto. Kuno sitilowa nazo. Inunso make mwana, kansapato ka mwanayo kali lendelende."

A Gunnel anavula mosafuna. Ndege inali itaima padzuwa, yonenepadi, yotuwa ngati poto wotsukidwa bwino. Palibe amene analiza belu kapena kuitana. Nkhalamba zija zinangoika makapu pansi, n'kundanda phewa ndi phewa kuchokera mbali ina ya bwalo kufika ina. Manja kumbuyo. Mitu pansi. Nthabwala zonse zii. Nkhalambazo zinayamba kuyenda, ndendende mmene a Sixten amayendera pamsewu wathu. Uyu kuwerama, kuponya m'thumba. Uyo kuwerama, bondo kulira, mnzake kumudzutsa.

Ndinayang'ana a Gunnel. Anali atagwira pakamwa.

"Onsewa?" anafunsa chapansipansi.

"Onsewa," ndinatero.

Pakati pa a Sixten ndi a Folke panali mpata. A Folke anatembenukira a Gunnel. "Mayi, apa panali pa mnzathu amene tinamuika mwezi watha. Mwangoima bwanji ngati mtengo wa mbendera? Tsekani dzenjeli."

Analowa. Poyamba ankayang'ana bambo awo m'malo moyang'ana pansi. Kenako ndinawaona akuwerama. Anatola kawaya kakang'ono, n'kuwaonetsa.

"Kameneko kakanatidyera injini," anatero a Sixten. "M'thumba, mwanawe. Osataya."

Atamaliza, anatipatsa zotseka m'makutu, Ebbe n'kumuveka zake zazikulu zomwe zinamukwirira masaya. Injini inayamba ngati mluzu wa ketulo, n'kumakwera, mpaka ndinaimva m'mano. Patsogolo pa ndege panali kachithaphwi ka madzi a mvula. Tinaona madziwo akudzuka, kupota ngati chingwe, n'kulowa m'kamwa mwa ndege. A Gunnel anagwira thumba lawo muli kawaya kaja, ndipo sanalisiye mpaka injini itazima.

Pobwerera, tili pafupi kufika kunyumba, a Gunnel anati, "Bambo, bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa kuti miyala ndi ya kuti. Ndinakuuza."

"Nanga m'mabotolo?"

"Amayi ako ndiwo ankadziwa kotaya."

A Gunnel anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Potsika, anawerama pageti n'kutola chitsekerero cha botolo osazindikira. Atadzuka anatipeza tonse tikuwayang'ana.

"Ayi, musandiyang'ane choncho," anatero.

"Nthenda yathuyi yakugwira," anatero bambo awo. "Siichoka imeneyo."

Lamlungu tinakhuthula mabotolo onse kuseri kwa maluwa a a Majken. Lolemba a Gunnel anabwerera okha ku Göteborg. Sanachoke chimanjamanja: anawalumbiritsa bambo awo kuti akapimitsa maso, kuti mayi wa zaumoyo azibwera kudzawaona, ndiponso kuti masitepe azikhala opanda kanthu. Ine anandipatsa kiyi wachiwiri, ndi ntchito ya a Majken. Madzulo ndimapita ndi Ebbe, a Sixten amaimika manja m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi, ine n'kukhuthula matumba.

Ebbe tsopano akuyenda, ndipo chilichonse chimene watola chimathera m'kamwa. A Sixten amati mwanayu ndi jeti yeniyeni, tiziyenda patsogolo pake.

Dzulo, nditakhuthula matumba, anandigwira mkono pakhomo.

"Make Ebbe, adokotala akuti diso lakumanjali alikonza mwezi wamawa. Pakali pano likuona chifunga, ndipo ndikudziwa kuti ndikusiya zinthu mbali imeneyo. Mawa mudzuke msanga. Mudzayende kudzanja langa lamanja."