Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za a Wotchi

Wotchi ya pakhoma kunyumba kwawo imatsogola ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Siyowonongeka ayi. Anaitsogoza dala eni ake, ndipo mkazi wawo akaibweza popukuta fumbi, iwo amakwera pampando n'kuitsogozanso asanavule ndi nsapato zomwe. N'chifukwa chake ana kunyumba, kenako anzawo kuntchito, anangoyamba kuwatchula kuti a Wotchi, mpaka dzina la pachiphaso linatsala la pachiphaso pomwepo.

Ntchito yawo ndi yokankha chikuku pabwalo lalikulu la ndege, lija anthu amatsika ndege ina n'kukwera ina osadziwa n'komwe ngati kunja kukugwa mvula. Okalamba, odwala, othyoka miyendo, onsewo amadutsa m'manja mwawo. Chaka chino ndi cha 19. Amalonda odutsa pamenepo kawirikawiri amawadziwa: bambo wamtali woonda, wa vesiti yachikasu, wailesi ili m'chiuno, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Sakhala akupemphera, amakhala akuwerenga. Kuchoka pa geti 44, limodzi mwa makomo okwerera ndege, kukafika kwa achitetezo ndi mapazi 620. Chikepe cha pakati chimatenga masekondi 50, koma mukapeza mwalowa ngolo ya otsuka pansi, onjezerani mphindi imodzi. Malamulo a ntchitoyi nawonso amadya nthawi: chikuku sichithamangitsidwa, sichikwera pa lamba woyenda yekha uja, ndipo munthu wa pachikuku amatsika ndege pomalizira, ena onse atatuluka.

Kale a Wotchi sankawerenga kanthu. Bwalo lonse linali m'mutu mwawo ngati mmene msika umakhalira m'mutu mwa munthu wokulira momwemo. Ndege yamasana yopita kum'mwera, yomwe imakhala imodzi yokha patsiku, inkanyamukira pa geti 12, ndipo inali itanyamukira pamenepo zaka khumi ndi zitatu osaphonya.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anapatsidwa mkulu wina wa chipewa chabulauni, wofooka miyendo, amene anali ndi kathumba kapulasitiki kokha pamaondo. Anali kochezera mwana wake kunja, ndiye analandira foni yoti mkazi wake wagonekedwa m'chipatala ndipo madokotala akuti abale abwere. Pabwalopo pali mphambano pomwe mpita umagawikana, wina kulowera ku mageti ang'onoang'ono kumanzere, wina ku mageti a manambala akuluakulu kumanja. Pamwamba pake pali bolodi lalikulu losonyeza ndege ndi mageti ake. Atafika pamenepo mkuluyo anakweza chala.

"Mwanawe, sitiima tione?"

"Khalani phee, bambo. Ndege imeneyi ndakula nayo."

Pa geti 12 anapeza mipando yokhayokha ndi mayi wopukuta magalasi. Tsiku lomwelo ndegeyo inali itasamutsidwira ku geti 61. Kuchoka pa 12 kukafika pa 61 ndi mphindi khumi ndi zisanu, ndipo iwo anali nazo zisanu ndi zitatu. Anafika chitseko chitatsekedwa, ndege ikubwerera chambuyo pang'onopang'ono kuseri kwa galasi.

Mkuluyo sanakalipe. Anaiyang'ana mpaka inakhota, kenako anati, "Mwayesetsa. Ndibwezereni kuja tinayambira kuja, kunali bata." A Wotchi anamukankha kubwerera ku 12 n'kumukhazika pampando wa pawindo. Mawa lake silinali tsiku lawo la ntchito, koma anabwera kuti amukweze okha. Anamupeza pampando womwewo, chipewa chili pamaondo.

"Wapita m'bandakucha," anatero mkuluyo. "Akuti anafunsa kawiri ngati ndege yatera."

A Wotchi sanafune kuwerengera, koma mutu unawerengera wokha. Maola anayi m'mwamba, ola limodzi pagalimoto. Munthuyo akanakhala pambali pa bedi la mkazi wake maola asanu ndi anayi. Mkuluyo sanakadandaule ku ofesi, ndipo palibe amene anawaitanira a Wotchi kukafunsidwa. Mkazi wawo yekha ndiye amadziwa zimene ananena madzulo ake atakhala pakhonde, ndege zikudutsa pamwamba pa denga: "Bola akanandimenya mbama."

Kuyambira pamenepo ndegeyo inakhazikika pa 61, ndipo a Wotchi sanapondenso pa 12. Ntchito ikagwa ya kumeneko amasinthana ndi mnzawo, ndipo kapitawo wawo anasiya kufunsa chifukwa. Amanena kuti akamadutsa pamphambano paja ndi chikuku chopanda munthu, chimalemera ndi kukokera kumanzere. Okonza zikuku anachiyang'ana kawiri, matayala ali bwinobwino.

Lachisanu lina masana wailesi inalira m'chiuno mwawo.

"A Wotchi, geti 44. Mayi mmodzi, mwendo uli m'chikhakha. Akukwera ya kum'mwera, geti 61. Ndege yawo yatera mochedwa, ndiye muone mochitira."

Anayang'ana pamkono. Panali mphindi 38 kuti chitseko cha ya kum'mwera chitsekedwe. Anaima pakhomo la ndege anthu akutuluka ngati mbuzi m'khola, aliyense ndi chikwama chake, wina akubwereranso kuti waiwala jekete. Pamene mpita wa m'ndegemo unkayera, zinali zitatsala 27.

Mayiyo anatuluka atakolekera dzanja paphewa la wantchito wa m'ndege. Anali wonenepa, mwendo wakumanja uli mbuu kuyambira pabondo, ndipo dzanja linalo linali m'mwamba litanyamula chithumba chachitali choyera kuti chisakhudze pansi.

"Ndinu ondikankha? Kuonda konseku mundikwanitsa? Ine ndi mwendowu tilipo anthu awiri."

"Ndakankhapo atatu, mayi. Khalani bwino, ndimasule buleki."

Anali telala. Asanafike n'komwe pa phazi la 200 anali atafotokoza zonse. M'chithumbamo munali diresi laukwati la mwana wake wamkazi, lomwe analisoka miyezi inayi, mikanda yonse kulumikiza ndi manja. Ukwati unali mawa lake nthawi ya 9 koloko m'mawa.

"Mukandisiyitsa ndegeyi, achimwene, mwana wanga akwatiwa atavala katani ya pawindo."

"Mwendo munatani?"

"Ndinkatsika masitepe ndikuyang'ana mpendero wa siketi ya mayi wina. Unali wokhota. Anthu ena amasoka ngati akuthamangitsidwa ndi galu."

A Wotchi sanaseke. Diresi linali litagona chopingasa pamaondo a mayiyo, lalitali, loyera, ndipo sanafune kuliyang'ana kwambiri.

Kwa achitetezo anadzera kukhomo la zikuku. Chikhakha chinafunika kupimidwa ndi wachitetezo wamkazi, ndipo wamkaziyo anali akumaliza ndi munthu wina. Chithumba chinakana kulowa m'makina ounikira katundu chili chowongoka.

"Mukalipinda pakati, ndikuswani ndi mwendo womwewu," anatero mayi telala.

Wachitetezoyo anaseka, n'kulilowetsa chopendeka ngati akulowetsa matiresi pakhomo laling'ono. Pamenepo panathera mphindi zisanu ndi imodzi. Chikepe anachipeza chopanda munthu. Akutulukamo n'kuyamba kuiona mphambano, panali patatsala mphindi khumi ndi imodzi. Ku 61 ndi mphindi zisanu ndi imodzi basi. Nthawi inalipo, yotsalako n'kutsalako.

A Wotchi anaima pansi pa bolodi n'kuponda buleki.

"Taima chifukwa chiyani?"

"Ndione bolodi."

"Kapepala kanga aka, kalembedwa 61. Wailesi yanu yanena 61, ndinamva ndi makutu angawa. Mukufuna akuuzeni ndani, mngelo?"

Bolodilo lili ndi masamba atatu, ndipo lililonse limakhala masekondi makumi awiri. Tsamba la ndege zopita kum'mwera linali litangochoka kumene. Anthu ankawalambalala mbali zonse ziwiri, matayala a zikwama akulira pansi.

"Bambo inu, ndinu ogontha? Kankhani. Kapena simudziwa kuwerenga, mukungoonera zowalawalazo? Tsoka langa ine, anthu onsewa andipatsa chitsa."

Iwo maso anali m'mwamba. Pansi pa bolodi pali galasi lakuda la sitolo yomwe inatsekedwa kalekale, ndipo m'galasimo munkaoneka chikuku chawo ndi iwo eni ataima kumbuyo kwake. Anadziwa kuti akatsitsa maso aona chipewa chabulauni pamene panayenera kukhala duku la mayiyo. Zinawachitikirapo. Sanatsitse maso. Tsamba lachiwiri linabwera, linakhala, linapita.

Lachitatu linabwera. Mzere wachinayi kuchokera pansi, ya kum'mwera, ndipo kumapeto kwake nambala ikuphethira posonyeza kuti yasinthidwa kumene: 12.

Mayi telala anayang'ana kapepala kake, kenako n'kuyang'ana bolodi. A Wotchi anasolola wailesi.

"A kapitawo, ya kum'mwera ili pa 12. Auzeni kuti chikuku chikubwera."

Kapitawo anayankha pa wailesi. "Pa 12? Pepala langa ndi lam'mawa, dikirani. Eya, asintha. A Wotchi, nditumize wina akulandireni?"

"Palibe nthawi."

Panatsala mphindi khumi. Ku 12 ndi zisanu ndi zinayi, mapazi 810. Nambala imeneyo anali nayobe m'mutu, chifukwa anaiwerenga tsiku lija akubweza mkuluyo. Anamasula buleki n'kukhotera kumanzere.

Mpitawo sunasinthe. Kapeti yotuwa yomwe ija, fungo la khofi pakona, wotchi yaikulu yolendewera pafupi ndi geti 5. Sanathamange, koma anatalikitsa mapazi mpaka m'chiuno munayamba kuwawa. Mayi telala anatukula mwendo wa chikhakha kutsogolo ngati nyanga ya ng'ombe.

"Patukani, mkwatibwi akudutsa. Bambo a jekete, mwendowu sumva chisoni."

Anthu ankapatukadi, ena akuseka. Koma atadutsa phazi la 500 chikuku chinayamba kulemera. Chinkalemera ngati wina wakhala mwakachetechete pamwamba pa diresi lija. Thukuta linatsikira m'maso. Anafuna kutchula nambala yotsatira, ndipo sinabwere. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi anasokonezeka powerenga.

"Mwasiya kuwerenga mapazi," anatero mayiyo osatembenuka. "Ndinkakumvani mukunong'ona kumsana kuno."

"Kuli munthu ndinamusiya kumeneko."

"Wamoyo?"

"Sindikudziwa. Anali wamkulu kale."

Mayiyo anakumbatira chithumba chake n'kunena kuti, "Munali pa zingati?"

"Pa 540 kapena pamenepo."

"541. 542. Kankhani, ine mikanda ndawerenga yoposa pamenepa."

Anawerenga mokweza, mawu ake akugunda limodzi ndi nsapato za a Wotchi, geti 8, geti 9, geti 10. Pa 12 mipando inali yokhayokha ngati tsiku lija. Kenako anaona mtsikana wa padesiki ataima pakhomo, chitseko atachitchinga ndi phazi, dzanja likuwakodola.

"Ndinu omaliza. Ikanatha mphindi iyi ndikanachotsa phazi."

Anatsetsereka ndi mpita wolowera m'ndege. Pakhomo antchito awiri anamudzutsa mayiyo, wina n'kulandira diresi ndi manja onse awiri. Asanalowe anatembenuka.

"Achimwene, ndakutukwanani kangati paja?"

"Katatu, mayi."

"Mundikhululukire."

"Ayi, zisiyeni choncho. Zandipepukira."

Mayiyo anawayang'ana ngati akufuna kufunsa, koma wantchito wa m'ndege anamukoka, ndipo chitseko chinatsekedwa.

A Wotchi anakwera mpitawo ndi chikuku chopanda munthu. Mtsikana wa padesiki anali atasonkhanitsa mapepala ake n'kuchoka. Mpando wa pawindo unali pomwe paja, chikopa chake chitang'ambika pang'ono pakona. Anaimika chikuku pambali pake, anaponda buleki, n'kuima kumbuyo kwake manja ali pazogwirira. Kuseri kwa galasi ndege inayamba kubwerera chambuyo.

"Lero ndinaima, bambo," anatero chapansipansi. "Ndinaona."

Mayi wopukuta magalasi, wina osati uja wakale, anasiya kupukuta.

"Mukulankhula ndi ndani, ankolo?"

"Wokwera wanga."

"Si walowa kale?"

"Winayo."

Mayiyo anayang'ana chikuku, anayang'ana mpando, n'kunyamula ndowa yake kusunthira pagalasi lakutali. A Wotchi anakhalabe chiimire mpaka ndege inakhota n'kubisika kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Wailesi inalira: geti 30, bambo wa ndodo ziwiri, nthawi ilipo yambiri. Anamasula buleki. Chikuku chinakokerabe kumanzere, cha kumpando kuja, ndipo anachiwongola ndi dzanja limodzi monga anazolowera, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pa 1.