Bulaki amukaniza kulowa m'Malawi

Lachiwiri lapitali apongozi anga aamuna, a Shaba, anandiimbira foni. Amene munakwatira kuno ku Mzimba mukudziwa kuti apongozi saimbira mkamwini pofuna macheza. Akaimba ndiye kuti kwagwa zovuta, kapena pali katundu wolemera wofuna munthu womunyamula. Ndinali pakati pa msika wa pa Boma, koma ndinavula kaye chipewa ndisanayankhe.

"Akweni," anatero, mmene amaitanira mkamwini kuno, "mubwere mawa m'mawa. Bulaki amukaniza kulowa m'Malawi."

Ndinapepesa kwambiri, foni n'kuduka. Nditafika kunyumba ndinafunsa mayi a kunyumba kuti kodi Bulaki ndi m'bale wathu wa mbali iti. Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

"Zaka zonsezi mukudya chimanga chake, simukumudziwa? Ndi ng'ombe ya amalume."

Ndikufotokozereni bwino. Apongozi amakhala kumadzulo kwa Jenda, ndipo munda wawo umathera pa chipilala cha simenti cha malire a dziko. Kuseri kwa chipilalacho ndi ku Zambia, ndipo munda woyamba kumeneko ndi wa a Zimba, mchimwene wawo wa apongozi anga aakazi, a NyaZimba. Tambala akalira kwa a Zimba, amene amadzuka ndi a Shaba.

Madoda awiriwa aliyense anali ndi ng'ombe ziwiri zolimira. Ya a Shaba ina inafa, ya a Zimba ina anaiba. Ndiye anangophatikiza zotsalazo. Kapitawo ndi wa a Shaba, Mmalawi weniweni. Bulaki ndi wa a Zimba. Goli ndi la kuno, pulawo ndi ya uko. Sabata ino zikalima kuno, sabata yamawa zikalima uko. Kapitawo amakokera kumanja, Bulaki kumanzere, ndipo mukazisinthanitsa zimangoima n'kumakuyang'anani mpaka mutachita manyazi.

Tsopano kwinakwake, kutali ndi mudziwu, kwabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Akuluakulu a mayiko awiriwa anakumana m'hotela ina, n'kugwirizana kuti chiweto chisadutsenso njira zachidule. Chofuna kuwoloka chikadzere pachipata chovomerezeka, chili ndi kalata ya dokotala wa ziweto. Chogwidwa chikuzemba, chiphedwa.

Kwa ng'ombe, chipatacho ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi kachidutswa. Ikadutsa iyendenso mtunda womwewo pobwerera mbali inayi, kuti ikafike m'munda umene mukhoza kuponyamo mwala muli pakhomo pa khola lake. A Shaba ndi mkulu wa mpingo, zozembetsa safuna n'kumva komwe. Komanso m'mudzi simusowa munthu wa maso akuthwa ndi foni yachaji. Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo munda wa chimanga umene umadyetsa banja lonse, ine ndemwe, sunalimidwe.

Chimene chinandidabwitsa nditafika n'chakuti alamu awiriwa anali atasiya kupatsana moni.

"Iwo ndiwo apempha lamuloli," anatero a Shaba, akuloza kuseri kwa chipilala ndi chibwano. "Akuti ng'ombe za ku Malawi n'zodwala. Kapitawo wanga kudwala? Zaka zonsezi wakhala akuwalimira!"

Ntchito yanga inali yoti ndikayankhule Chingerezi pamsonkhano umene mlangizi wa ziweto anaitanitsa Lachitatu kusukulu ya pulaimale. Apongozi amakhulupirira kuti lamulo likalankhulidwa m'Chingerezi limafewa.

Tinakhala pa timadesiki ta ana, maondo ali m'khosi. Mlangiziyo, bambo waulemu wake wotuwa ndi fumbi la njinga yamoto, anawerenga chikalata chonse mpaka kumapeto. Anati anzathu a mbali inayo ndi amene anayamba kudandaula, choncho ife tingotsatira. Kenaka anati pali funso?

Kumbuyo kwenikweni dzanja linakwera. Anali a Zimba, atavala jekete la kutchalitchi, atakhala kutali ndi alamu awo mmene khoma linalolera.

"Adada, ndinu a mudzi uti?" anafunsa mlangizi.

"Wa kuseri kwa chipilala."

"Pepani chomene, adada. Msonkhano uno ndi wa Amalawi. Inu mukafunse kwanu."

"Kwathu ndafunsa kale, Lolemba. Andiuza kuti mwapempha ndimwe, mbwenu ndikafunse kuno. Ndiye ndabwera."

A Shaba anatembenuka pang'onopang'ono, desiki ikutembenuka nawo limodzi chifukwa anali atapanikizikamo.

"Mlamu, nadi? Kwanu akuti tapempha ndife?"

"Akuti mwanena kuti Bulaki ali ndi zilonda."

"Ine? Ine amene ndimamuchotsa nkhupakupa ndi manja angawa?"

Anthu anafa nazo nseko. Sabata ziwiri za kukwiyirana zinathera pomwepo, koma munda unali usanalimidwebe. Apa ndi pamene a NyaZimba anaimirira, n'kumangitsa chitenje.

"Alangizi, ine ndinabadwira uko, ndinakwatiwa kuno. Ana anga anabadwira kuno, adada anga agona uko. Mukuti lamuloli ndi la mayiko awiri. Ipo msonkhano wake ndi wa dziko limodzi chifukwa uli?"

Mlangizi anatsegula chikalata, kuchitembenuza, kuyang'ana ngakhale kumbuyo kumene kunalibe kanthu.

"Amama, ine ndangotumidwa. Zinasainidwa kale kumtunda."

A Shaba anandigwinya ndi chigongono. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, n'kufunsa funso lomwelo, loti bwanji msonkhano uli wa dziko limodzi, m'Chingerezi changa cha pa Sabata. Mlangizi anandiyankha m'Chingerezi chabwino kuposa changa kuti iye wangotumidwa, zinasainidwa kale kumtunda. Ndinakhala pansi.

Mlangiziyo sindikumuimba mlandu. Mnzake wa ku Zambia nayenso ayi. Munthu ukatumidwa ndi uthenga wowawa kwa anthu amene mawa udzawapempha madzi akumwa, umafuna pothawira, ndipo pothawira pabwino ndi kuloza dziko lina limene silingayankhe chifukwa silinaitanidwe.

Koma kodi si mmene zimayendera ngakhale kumtunda kwenikweniko?

Chaka ndi chaka timaona atsogoleri a mayiko a m'chigawo chino atandanda pachithunzi, masuti ali mbee, akugwirana chanza. Amatiuza kuti tikhale amodzi: msika umodzi, malamulo ofanana, kuyenda mosavuta. Ine ndimagwirizana nazo. Munthu amene apongozi ake aakazi anabadwira kuseri kwa chipilala sangadane ndi umodzi. Koma akabwerako, chokoma chimakhala "ndakubweretserani ndine", chowawa chimakhala "anzathu anaumirira". Uko nakonso akunena chimodzimodzi, kungosintha dzina la dziko.

Nanga tikakwiya, tikwiyire ndani? Phungu wathu akuti si za m'nyumba ya malamulo ya kuno. Phungu wa a Zimba akuti si za kumeneko. Chinthucho chikulamulira khola la ng'ombe mbali zonse ziwiri, koma palibe bokosi la mavoti limene mungachipezemo. Inu munayamba mwamva munthu pamsonkhano wa kampeni akufunsidwa kuti, "Mukapita kukakumana ndi a mayiko enawo, mukasaina zotani m'dzina lathu?" Timafunsa za feteleza ndi mlatho, tikavina, basi.

Ndisaloze ena okha. Ine ndimalemba m'nyuzipepala sabata iliyonse. Ndikhoza kukutchulirani osewera mpira a ku Ulaya mpaka okhala pabenchi, koma mutandifunsa chimene anthu a ku Lundazi, kuseri kwa chipilala komweko, akukangana mwezi uno, ndingoyamba kutsokomola. Nyuzi zathu zimathera pachipilala, zawo zimatheranso pomwepo, ngati kuti mvula ndi matenda a ng'ombe nazo zimaima pamenepo kudikira chidindo.

Chonsecho anthu a m'malirewa amakambirana tsiku ndi tsiku. Maliro amalira limodzi. Chigayo n'chimodzi. Mpira wa midzi amamenyana limodzi, n'kukapepesana limodzi. Chilankhulo n'chimodzi, moti a Zimba akatukwana mbuzi, mbuzi za kuno zimamva. Malo okhawo amene amauzidwa kuti "inu mukafunse kwanu" ndi pamene pakukambidwa lamulo lowamanga onse.

Msonkhano utatha, anthu sanabalalike. Anaima pansi pa mtengo wa mango, a kuno ndi a uko amene amamvetsera pawindo, ndipo pasanathe nthawi yophikira nyemba anali atapeza njira zingapo. Wina anati ng'ombe za midzi yoyang'ananayi zibayidwe katemera tsiku limodzi. Wina anati zolimira ziikidwe chizindikiro kukhutu, ziziwoloka zokhazo, koma zogula kumisika ya kutali zisayandikire n'komwe. Mayi wina anati amene alowetse ng'ombe yachilendo tidzamuneneza ndife tomwe, chifukwa matendawo akabwera adzapha zathu.

Ine si dokotala wa ziweto. Mwina maganizo amenewa ali ndi chibowo chimene katswiri angachione msanga. Matendawa ndi oopsa, palibe akukana. Koma akanakhalapo woti awayankhe kuti "izi sizingatheke chifukwa chakuti", anthu akanapita kwawo akudziwa chimene akuvutikira. Lamulo limene munthu walitsutsa n'kugonja amalisunga. Limene wangolipeza pakhomo amaliyang'anira pozembera.

Mudzati, kodi mudzi uliwonse ungafunsidwe? Ayi. Koma mlangizi wa kuno ndi wa uko onse ali ndi njinga zamoto. Chikanavuta n'chiyani kuti aimike njingazo pachipilala tsiku limodzi, chikalata chisanasainidwe? Mawailesi a m'madera amamveka mbali zonse. Chingavute n'chiyani kuti pa pulogalamu imodzi aziimba foni a uko ndi a kuno, akuluakuluwo akumva?

Lachinayi m'mamawa a Zimba anafika pachipilala akukoka Bulaki, nkhope ikuwala ngati munthu amene wagona akuganiza.

"Mlamu, lamulo likuti ng'ombe isawoloke. Za goli silinanene."

Malire pamenepo amayenda kuchokera kummwera kupita kumpoto. Munthu ukayang'ana kumpoto, Malawi ali kumanja, Zambia kumanzere. Kapitawo ndi wa kumanja, Bulaki wa kumanzere. A Shaba anaganiza kaye ngati mkulu wa mpingo, sanapeze tchimo, n'kukatenga goli.

Mukanaona ng'ombezo zitaonana! Zinanunkhizana, kunyambitana makosi, Kapitawo mpaka kugwetsa ndowe za chisangalalo. Tinazimanga, iliyonse ili m'dziko lakwawo. Pulawo anandipatsa ine, poti mkamwini sakana. Ndinayenda mwendo wina uli ku Malawi wina ku Zambia, dothi likutembenuka bwinobwino, a NyaZimba akululutira kumbuyo. Sindiname, ndinamva kukoma. Ndinkadziona ngati ndikuchita chimene masuti onse aja akhala akulonjeza.

Tinafika pachulu pamene minda imathera. A Shaba anakweza chikwapu kuti tikhote, dzanja n'kuuma m'mwamba.

"Mlamu," anatero, "tikakhota, Kapitawo walowa m'Zambia."

"Bulaki nayenso walowa m'Malawi."

Tinaima. Ng'ombe zinatiyang'ana.

Tinazimasula, aliyense n'kubwerera ndi yake m'dziko lake. Goli ndi pulawo mukudziwa kale amene anasenza. Tinamanganso poyambira paja, kulowera kumpoto kachiwiri. Koma kusuntha pang'ono kuti tilime mzere wina, ng'ombe imodzi ikanaponda dziko la eni. Ndiye tinadutsa momwe muja. Kachitatu, momwe muja. Pofika dzuwa la pamutu tinali titakumba ngalande yakuya bwino, yowongoka, yolekanitsa Malawi ndi Zambia kuposa mmene chipilala chinkachitira.

A Zimba anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Yewo, akweni," anatero. "Malire mwawakonza."

Tinaseka mpaka kukhala pansi. Koma kuseka kutatha, a Shaba anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itada cha ku Jenda, ndipo kamphepo kanali kakununkhira dothi. Analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi makasu awiri.

Apongozi anga ndi munthu wamkulu, ndipo msana unawavuta kalekale. Ndinawaona akuwerama pakona ya munda umene Kapitawo ndi Bulaki amaumaliza masiku atatu, akutema khasu limodzi, kupuma, kutemanso. Kuseri kwa ngalande yathu ija a Zimba nawonso anali atawerama pa wawo. Zinandiwawa mumtima, ndipo ndinachita manyazi kuti Chingerezi changa chonse sichinawalimire ngakhale mzere umodzi. Ndinatola khasu linalo.

Ndikulemba izi zala zili ndi matuza, cholembera ndachigwira ngati chikuotcha. Talima kachigawo kakang'ono chabe. Pobwerera ndinasiya Kapitawo akulira m'khola, Bulaki akuyankha kuseri, ndipo palibe amene anawauza kuti akafunse kwawo.

Tsono inu akuluakulu amene munasaina m'dzina la a Shaba ndi a Zimba osawaona nkhope, mvula ija yagwa usiku wa Lachisanu. Loweruka likudzali tikulima kwa a Shaba, Lolemba kwa a Zimba. Mubwera ndi makasu anu, kapena tikubwerekeni?