Disiki ya Malemu Amuna Anga

Patatha mwezi tiikire maliro a amuna anga, abale awo anasonkhana kunyumba kwathu ku Linda kudzagawana katundu, monga amachitira kwawo. Ine ndinali pamphasa, nditavala zakuda. Nsapato zinapita, jekete linapita, ndipo laputopu inagwera alamu anga, akulu awo a malemu. Zovalazo sindinadandaule nazo. Koma mu laputopu muja munali zithunzi zonse za bambo wa mwana wanga, ndi mavidiyo awo akuseka, akuimba mosalongosoka pa ubatizo wa mwanayo. Foni yawo inasowa m'chipwirikiti cha maliro, ndiye kwina kulikonse kunalibe.

Ndinapempha kuti andilole ndikopere kaye. Alamu anati mkazi wamasiye sagwiragwira za malemu asanavule zakuda, ndidikire. Ndinadikira.

Ine ndi amuna anga tinkakonza makompyuta m'kashopu kathu kuseri kwa Mukuni Park, ndipo atapita ndinapitiriza ndekha. Tsiku lina ndinangoona alamu aja tulukiru pakhomo, laputopu ili m'khwapa, nkhope ili ndwii. Anafotokoza kuti inkachedwa, ndiye anakaikitsa disiki yatsopano kwa munthu wina m'tauni, pondizemba ine. Chiikireni disikiyo, makina anakana kudzuka. Ukayatsa, sikirini yakuda bii, ndi timawu ta Chingerezi toti sakupeza poyambira. Kunyumba kwawo nkhani inali itafika kale pa mizimu, akuti malemu akukaniza katundu wawo.

Ndinaseka chamumtima. Munthu uja ali moyo sankatha kukaniza ngakhale ndiwo za m'mbale mwake, ndiye akanize ali m'manda?

Ndinati ndikonza, koma andipatse disiki yakale imene anachotsamo, poti ndi mmene munasungidwa zithunzi ndi mavidiyo aja. Anangoti ndikonze kaye, tikamba.

Ntchito yake inali yochepa. Ndinayatsa n'kulowa mu bayosi, momwe makina amauzidwa koyambira. Anali akufunafunabe mwa njira yakale, pomwe disiki yatsopanoyo anaikonza kuti iziyamba mwa njira yatsopano. Wokonza uja sanasinthe pamenepo basi. Ndinasintha, n'kuika disikiyo patsogolo, n'kuyatsanso. Sikirini inawala. Alamu anaomba m'manja nati Mulungu ndi wamkulu.

Ndinatambasula dzanja. "Ba mulamu, disiki ija."

Anayamba kukanda m'mutu. Anati makina atakana, anaitana abusa a kutchalitchi kwawo kudzapemphera. Abusawo anafunsa ngati m'nyumba munatsala chinthu chochokera m'kati mwa makinawo, ndipo atawaonetsa disiki yakaleyo anati mzimu wakakamira mmenemo. Anaitulutsa panja, anaiphwanya ndi hamala, zidutswa zake n'kuziponya pambaula.

"Tinachitira inu nomwe na mwana, mulamu," anatero. "Kuti muzigona bwino."

Kugona bwino! Ndinawada pomwepo, ndipo ndikuwadabe, sindibisa. Mwezi ndi mwezi ndinkadutsa pakhomo pawo ndikupereka moni mwaulemu, ndikudikira tsiku langa ngati galu pansi pa tebulo. Akanangobwera kwa ine poyamba, kukopera kokha sikukanatha ngakhale masana amodzi. Mwana wanga anali asanayambe kuyankhula bwinobwino pomwe bambo ake ankamwalira. Akadzandifunsa kuti mawu awo ankamveka bwanji, ndidzamuimbira ine?

Zonsezi zinafika pakhosi, koma sizinatuluke. Wamasiye akakwezera mawu alamu ake, madzulo ake Linda yense amva kuti ndiye anadya mwamuna wake. Ndinayang'ana pa sikirini.

Makina anali atafika pofunsa dzina la mwini wake, kabokosi kali mbee, kakudikira. Alamu anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, ndipo anayamba kunditchulira dzina la iwo eni, chilembo chimodzichimodzi, ngati sindilidziwa. Ndinalemba.