Msilikali Amene Anatsitsa Mfuti

Mwana wanga wamkazi anasankha Chisipanishi kusekondale, ndipo tsiku lina aphunzitsi anawapatsa filimu yakale yoti akaonere kunyumba. Linali Loweruka masana, kunja kukuwaza kamvula kaja kosadziwika poyambira ka ku Tyrrelstown, dera limene tikukhala kuno kudziko la eni. Ndinali nditamukhazika pansi ndikumuluka tsitsi, iye n'kuika laputopu pampando patsogolo pathu. Ine zoonera ndinalibe nazo ntchito. Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera basi, anthu akulankhula mothamanga ngati akukangana.

Kenako panatulukira sitima yapamtunda. Chibadwire sindinaonepo zotero. Inkadutsa m'chigwa chouma, mitambo itaunjikana pamwamba pake ngati mapiri, padenga pa mabogi anthu ali thothotho: amuna a zipewa zazikulu, malamba a zipolopolo atapingasa pachifuwa, amayi akukoleza moto padenga pomwepo, wina akuyamwitsa. Kamera inaima pankhope ya mayi mmodzi nthawi yaitali, iye ali duu, mphepo ikumukupiza mpango. Manja anga anaima okha m'tsitsi muja.

Mwanayo ankandimasulira m'Chingerezi, monga amachitira ngakhale ndimufunse m'Chichewa. Anati amunawo ndi alimi osauka amene aukira eni minda ndi boma. Mayi uja mchimwene wake ali m'gulu la oukirawo, koma mwamuna wake ndi msilikali wa boma. Akaphika, samadziwa kuti apempherere ndani.

Filimu ili mkati, bambo ake a mwanayo anafika kuchokera kueyapoti kumene amagwira ntchito yaulonda. Anaima pakhomo jekete ili m'thupi, chikwama chili m'manja. Nthawi imeneyo mchimwene uja anali atagwidwa, atamuimika pakhoma loyera kuti awomberedwe, ndipo pamzere wa asilikali panali mlamu wake. Dzuwa linali litajambula mithunzi ya mfuti zawo pakhomapo, italiitali, nsonga zake zikukhudza munthuyo pachifuwa. Panalibe nyimbo. Kunkangomveka tambala kutali.

"Ameneyo sawombera," anatero bambo akewo chapansipansi.

Sanawomberedi. Anatsitsa mfuti n'kunena mawu ochepa. Anzake anawombera, mlamu wake anagwa, ndipo iyeyo anamulanda mfuti n'kumutenga atamumanga manja.

Filimu inatha. Bambo ake anakhala pampando osavula jekete, n'kuyamba kufotokoza nkhani imene pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanaimvepo. Anati bambo awo anali apolisi ku Dedza nthawi ya chipani chimodzi. Tsiku lina anatumidwa kukagwira munthu wokana kugula khadi la chipani chifukwa cha chipembedzo chake, ndipo munthuyo anali mchimwene wa akazi awo. Anapita. Sanamumange unyolo. Anayenda naye wapansi mpaka kupolisi, atamunyamulira bulangete. Akazi awowo, amayi a amuna anga, anapitiriza kuwaphikira ndi kuwachapira yunifolomu, koma sanakhalenso nawo pamphasa imodzi mpaka malumewo atatulutsidwa. Atatuluka, amuna awiriwo ankakhalira limodzi pakhonde kukonza njinga, osaitchula n'komwe nkhaniyo.

Apongozi angawo ndinkawadziwa ngati munthu wofatsa, wokonda wailesi ndi tiyi wa shuga wambiri. Ndinakhala ndikuwaona m'maganizo ali pamsewu wafumbi, bulangete lili paphewa, mlamu wawo ali pambali. Zinandizizwitsa kuti anthu a kutsidya kwa nyanja, amene anajambula zimenezi ife tisanabadwe, anadziwa bwanji za pabanja pathu.

Mwanayo anafunsa adadi ake kuti wolakwa anali ndani, agogo kapena msilikali uja. Iwo anati sakudziwa, ndipo m'malo mwake anamufunsa chimene msilikaliyo ananena potsitsa mfuti. Mwanayo anabweza filimu, namvetsera kawiri atatsinzina.

"Akuti mkono wake watopa," anatero.

"Basi?"

"Basi."

Adadi akewo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nadzuka kulowa kukhitchini. Bambo awo anamwalira kale, koma malume aja alipo, ngakhale maso sakuonanso bwino. Tinamva akuwaimbira foni. Anawapatsa moni mwaulemu wonse, nawafunsa za miyendo, za mvula ngati yayamba, za feteleza. Anacheza nthawi yaitali ndithu, mpaka tinawamva akuseka.