Dzanja Lamanzere la a Bizwick

Bambo anga, a Bizwick Nakhumwa, anamwalira mu Juni chaka cha 2007. Kuno ku Kapichi anthu amawakumbuka ngati munthu amene anali ndi piyano koma osatha kuyiimba. Ndikulemba izi kuti mwana wanga Mtisunge akadzakula adzadziwe mmene zinalili.

Bambo ankagwira ntchito yophika kunyumba ya bwana wina wa pa esiteti ya tiyi. Mkazi wa bwanayo, Dona Ilona, anali wa ku Hungary. Kwawoko ankaimba piyano m'maholo akuluakulu, anthu n'kumachita kuimirira powaombera m'manja. Chithunzi chawo chinali pakhoma. Ndinachiona kamodzi, nditawaperekera bambo ambulera.

Mu 1994 donayo anadwala sitiroko, dzanja lamanzere n'kufa. Panatha miyezi piyano ili chitsekere. Tsiku lina anawaitana bambo kuchokera kukhitchini, manja ali mbuu ndi ufa, n'kuwakhazika pampando kumanzere kwawo. Anawagwira zala n'kumaziika pa makiyi chimodzichimodzi. Kuyambira pamenepo, masana aliwonse mbale zikatsukidwa, dona ankaimba ndi dzanja lamanja, bambo ndi lamanzere. Zinatero zaka zisanu ndi ziwiri. Timadontho ta m'mabuku a nyimbo bambo sankatidziwa. Zonse zinali m'zala.

Dona anamwalira mu 2001. Bwana pobwerera kwawo, piyano anawasiyira bambo. Inabwera pa thirakitala, ndipo kuti ilowe m'nyumba tinachita kuzula felemu la chitseko.

Pasanathe mlungu anabwera a Peterson, mkulu wa mpingo wathu wa Sabata.

"A Bizwick, Mulungu watikumbukira. Sabata likubwerali mutiimbire."

"Ine ndimaimba ndi dzanja lamanzere lokha. Nyimbo yeniyeniyo inali kudzanja la dona."

"Aaa, achimwene, kudzichepetsa kwanji kumeneko? Zaka seveni! Ngakhale nkhuku ikanaphunzira."

Lachisanu dzuwa lisanalowe, amuna asanu ndi atatu anainyamula piyano ija kupita nayo kutchalitchi. M'mawa mwake bambo anavala jekete la bwana. Anakhala chakumanzere kwa mpando, n'kusiya malo a munthu wina, dzanja lamanja lili pabondo. Anayamba. Mawu ake anali apansi okhaokha, ngati lole ikukwera chitunda. Kenako ankaleka, milomo ikuwerenga, kudikira pamene dona ankaimba okha, n'kuyambanso. Amayi a kwaya anali chiimire, kudikira poti alowere.

"Kodi ayamba kale?" anafunsa mayi wina kumbuyo kwanga. Anthu anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

Bambo anaimba mpaka kumapeto, anaimirira, n'kuwerama monga anawaphunzitsira dona. Panalibe wonena ameni. A Peterson anatsokomola n'kuti, "Abale, tiyeni tingoimba ndi pakamwa." Lamulungu piyano inabwerera kwathu.

Kuchokera pamenepo bambo ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti nyimbo zija azimvenso zathunthu. Anandiyang'ana ine.

"Iwe Marita, ungondibwereka dzanja limodzi."

"Manja onsewa ndi a esiteti, bambo."

Ndinali nditayamba kuthyola tiyi, zala zili ming'alu yokhayokha. Komabe ndinakhala pampandopo. Vuto linali lakuti mbali ya dona bambo sankadziwa kuti imagwidwa pati, ankangoidziwa ndi makutu. Iwo ankang'ung'udza, ine n'kumafufuza kiyi wake ndi chala chimodzi. Tinayesa masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinapita kukachapa, iwonso sanandiitanenso.

Nyumba ya bwana inali ndi chumuni chosonkhapo moto, yathu ayi. Chiperoni chikabwera makiyi ankafufuma, ukadina osadzukanso. Bambo ankayatsa mbaula pafupi, koma sizinathandize. Makoswe analowamo, kenako chiswe. Pofika 2005 makiyi ambiri anali atasiya kulira. Bambo ankakhalabe pamenepo masana aliwonse akatha kudya, kumangomveka go, go, go, kwa matabwa.

Mwezi wawo womaliza anali chigonere pamphasa, zala zakumanzere zikuyenda pabulangeti. Tsiku lina ndinkasesa m'chipindamo, Mtisunge ali kumbuyo akulira. Ndinayamba kumung'ung'udzira osaganiza kuti ndi nyimbo yanji.

"Amake Mtisunge," anatero bambo. "Yambiranso."

Ndinayambiranso. Zala zawo zinadikira pang'ono, kenako zinalowa. Tinayenda limodzi choncho, ine ndi tsache m'manja, mpaka pamene ndinafika posadziwa.

"Pitiriza."

"Ndimalekezera pomwepa, bambo. Kwinako simunandiphunzitse."

Anayesa kung'ung'udza okha koma mpweya unawathera. Zala zinapitiriza zokha pabulangetipo, kuima, kudikira, kuyambanso, mpaka kumapeto. Ine ndinatuluka kukatereka madzi osamba. Anamwalira Lachinayi la mlungu womwewo.

Pamaliro a Peterson ananena kuti malemu anali wophika wokhulupirika. Za piyano sanatchule.

Titaisuntha kuti tisese, inangophwasuka yokha. Chivundikiro chake ndinachiika pathandala, ndimayanikapo mbale. Mawaya ndinamangira khola la mbuzi, ndi olimba ndithu. Makiyi oyera amene anatsala ali m'chitini, Mtisunge amaseweretsa. Anthu amandifunsa ngati sindimva chisoni ndikamaziona. Ndimangoti mbale zimauma bwino.