Mwana wanga analowera pazenera la basi

Chaka chimene tinkachita lendi ku Area 25, mwana wanga woyamba anali asanayambe kukwawa, ndipo ine ndinkaopa chilichonse: chifuwa, agalu, mvula, makamaka depoti ya basi m'tauni. Tsiku limenelo ndinkachokera kusikelo, dzuwa lili paliwombo, mwana kumsana.

Pamwamba pa kaofesi ka depoti panali chimkuzamawu. Ankalengeza anali bambo ena achikulire, a tayi ndi jekete ngakhale kutenthe bwanji. Chizungu chawo sichinali chimene ndinasiyira ku pulayimale, kapena chosakaniza cha anyamata a ku Kawale chija ayi. Chinali cha atsamunda, cholemera, cha ma "hereby" ndi ma "forthwith", mawu oti sindinamvepo munthu akugulira tomato. Ife osamva tinkangoyang'ana mapazi a anzathu, akathamanga nafenso tithamange.

Basi ya ku 25 ikafika, pakhomo pankakhala nkhondo. Azimayi tinali ndi njira yathu. Unkasankha mayi wa nkhope yabwino amene walowa kale, n'kumupatsira mwana pazenera kuti asapanikizidwe, iwe n'kukalimbana pakhomo uli chimanjamanja. Aliyense ankatero. Ine ndinali ndisanayesepo.

Pazenera lina la basi ndinaona mayi ena onenepa a duku loyera, akucheza m'Chitumbuka ndi anzawo. Ndinamasula mbereko n'kuwapatsira mwana, iwo anamulandira ngati mdzukulu wawo, ine n'kuthamangira kukhomo.

Chimkuzamawu chinalankhula. Ndinachimva, koma maso anga anali pazenera lija, mapazi a anthu sindinawayang'ane. Ndinangoona abambo a zikwama akuchoka pakhomo mmodzimmodzi, ndipo ndinasangalala kuti njira ikutseguka. Kufika patsogolo, kondakitala n'kutseka chitseko pamphuno panga. Pagalasi anandifunsa ngati ndilibe makutu, alengeza kuti basi yadzadza, otsala apite ku ina. Ndinamenya chitseko, ndinanena za mwana, injini inameza mawu anga, matayala anayamba kugudubuzika.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza. Ndinangopezeka kutsogolo kwa basi, zikhatho zonse pachitsulo chotentha, patapata imodzi itatsala m'matope. Dalaivala anaimba hutala mpaka m'makutu munalira. Ogulitsa nthochi anayamba kuseka, wina amvekere mlamu wamuthawa ndi basi. Ine sindinasunthe.

Bambo a tayi aja anatuluka mu ofesi, osathamanga.

"Madam, kindly desist."

"Bambo, ndilankhuleni m'Chichewa. Mwana wanga ali m'basimu, ndipo pano sindichoka."

Anapitiriza Chizungu, chala chikuloza chimkuzamawu, kenaka kupolisi. Ndinawauza kuti akawaitane apolisiwo, adzandipeza pompano, ndipo akalengeza chinthu chokhudza ana athu azilengeza m'chilankhulo chimene amapempherera nsima kunyumba kwawo. Mawu ankatuluka okha, ine amene ndinkachita manyazi kufunsa mtengo wa makala. M'kati, mayi a duku aja anali atanyamula mwana m'mwamba kuti onse amuone, akukalipira kondakitala m'zilankhulo ziwiri, ndipo anthu anayamba kumenya malata a basi ndi zibakera.

Bambowo anandiyang'ana kuyambira kuphazi lopanda patapata mpaka kumutu. Anatembenukira kwa kondakitala, n'kulankhula Chichewa chakumudzi chenicheni, cha ku Dowa:

"Tsegula chitseko, mayiwa akwere."

Ndikuponda sitepe, bambowo anati ndipepese kwa anthu powachedwetsa. Sindinapepese. Ndinadzipanikiza pakati pa madengu ndi zigongono mpaka pampando uja. Mwana anali atafiira ndi kulira, akufunafuna pachifuwa cha mayi aja. Zikhatho zanga zinali zitapsa ndi chitsulo chija, zikuwawa, moti ndinamulandira ndi mikono. Mayiwo anandikhazika pamiyendo pawo ngati kamtsikana, nandithandiza kumasula bulawuzi, mwana anayamba kuyamwa basi isanatuluke pachipata.