Dzanja Lamanja la Enoki

Anthu akaona Enoki wathu akumanga bawuti ndi dzanja lamanzere amayesa anabadwa wamanzere. Ayi ndithu. Mdzukulu wathuyu anabadwira kwa Mlonyeni ndi manja awiri athunthu, mwana wa malemu Benedicto amene ankakonza zigayo. Anzake akukumba mbewa m'minda ya mtedza, iye ali kuchigayo, mafuta a injini mpaka m'zigongono. Atakula anapita ku Lilongwe kukaphunzira zokonza ndege, nabwerako ndi pepala lake. Amene amanena kuti anachita kulowera pawindo abwere adzanene pamaso pathu.

Ntchito anaipeza pa esiteti ina ya kumalire, imene inali ndi kandege ka mipando inayi. Woyendetsa anali a Nurdin a ku boma, bambo wanthabwala. Awiriwa ankamvana pa zonse kupatula magineto.

Magineto ndi kachipangizo kamene kamapereka moto ku mapulagi. Sadalira batire, injini ikangozungulira, moto wabadwa. Ndege yaing'ono imakhala nawo awiri, kuti ena akafa m'mwamba ena agwire. Pa kandege aka, akumanzere anali akale, olemera, oti umatsegula, kupukuta, kusintha chimene chatha n'kubwezera. Akumanja anali amakono, opepuka, amene nthawi yake ikakwana ambiri amangochotsa n'kuika ena.

"Nkhalamba yakoyi tiitaye, Enoki," ankatero a Nurdin. "Ukuisisita ngati mkazi wachiwiri."

"Iyi ndimaidziwa mpaka m'mimba, achimwene. Yanu yatsopanoyo ikadwala siuza munthu."

"Ndimuuza mkazi wako Imelda kuti ali ndi mnzake wapamitala."

"Muuzeni. Amadziwa kale, amandichapira yekha zovala."

Chaka china m'midzi ya kumalire munabuka mphekesera zoti kukubwera anthu opopa magazi. Amuna ankagona ndi zikwanje kumutu. Tsiku lina masana, awiriwa akuchokera ku Lilongwe, injini inayamba kutsokomola, ndege yonse njenjenje. A Nurdin anatembenuzira kiyi ku magineto akumanzere okha, injini n'kukhazikika. Akumanja aja anali atafa. Koma kutsogolo mvula inali itada bii, ndipo kulowamo ndi magineto amodzi sikukanatheka. Anatera pa bwalo la mpira la sukulu ina ya kwa Zulu, kumene kunalibe wowadziwa.

Asanatsike n'komwe, mwala woyamba unaswa galasi. Anthu anatuluka m'chimanga mbali zonse ndi zibonga, makasu ndi zikwanje.

"Ndi omwewa! Agwireni!"

A Nurdin anakweza manja kuti alankhule, njerwa n'kuwapeza pamphumi. Anawakoka miyendo, mutu ukugunda pansi. Enoki naye anthuwo anamugwetsa ndi chibonga cha m'nthiti, n'kuyamba kumupondaponda. Mayi wina anatulutsa m'ndegemo botolo la mafuta a mabuleki, amene ndi ofiira, nalikweza m'mwamba.

"Magazi awa! Magazi a ana athu!"

"Ndi mafuta, mayi, nunkhizani," anatero Enoki. Yankho lake linali chidendene cha pakamwa. Mano awiri anawalavulira mu fumbi.

Wotsogolera anali Laston, chimunthu chachitali, dalaivala wa lole yonyamula fodya. Iyeyo ndiye ankadziwa za injini m'mudzimo, ndipo onse ankamumvera. Anazula kiyi naika m'thumba.

"Kiyi yekha sikokwanira, afiti awa angakhale ndi wina," anatero. Analowetsa mutu pansi pa mawotchi a ndege, natulutsa mpeni, n'kudula mawaya onse a kuseri kwa kiyi. Anzake anali kalikiliki kukankha ndi kukoka tizitsulo tonse timene anatiwona. "Basi, yafa. Iwuluke tione."

Pa lole yake zikanakhala zoona: ukadula mawaya, galimoto yafa. Koma ndege ndi zina. Kawaya kochokera ku kiyi ndiko kamazimitsa magineto. Kakaduka, magineto ali maso, kaya kiyi ali m'thumba mwa ndani. Ndipo injini inali ikadali yotentha. Chongotsala chinali choti munthu agwedeze pulopela, chitsulo chozungulira cha pamphuno pa ndege chija.

Enoki, ali chigonere, diso limodzi litatupa, anaona zonsezo.

"Tiikokere kudambo, tikaiwotche kutali ndi sukulu," analamula Laston. "Eni akewa akapsere momwemo. Bweretsani chingwe cha pa lole!"

Anapita kumphuno kwa ndege, chingwe paphewa. Pulopela inali itaima chopendekeka, ndipo iye anaigwira ndi manja awiri kuti aigoneke bwino amangepo. Mutu wake unali panjira ya chitsulocho.

"Achimwene, chonde, musagwire pamenepo!" anakuwa Enoki, magazi ali chuchuchu m'kamwa. "Chidzuka chimenecho, chikudulani khosi!"

"Mwamva? Akuti chidzuka!" Laston anaseka. "Ufiti wake akuulula yekha, galu ameneyu."

Munthu wina akanangokhala chete. Wakuswa mano, akufuna kukuwotcha, ndiye umuchenjezerenji? Koma magazi a kwathu sali choncho. Enoki anadzuka. Anthu anayesa akuthawa, wina n'kumutema chikwanje kumsana, malaya pwee. Iye sanaime. Laston anali atayamba kale kukoka chitsulo chija, ndipo Enoki anamva kaphokoso kamene ankakadziwa kuposa mawu a mkazi wake, ka magineto akale akamatulutsa moto: thaa!

Anamugunda Laston ndi phewa pachifuwa, chimunthu chonse chija n'kukagwa chagada. Nthawi yomweyo injini inabangula. Pulopela inapeza dzanja lamanja la Enoki likadali m'mwamba.

Inazungulira pang'ono chabe n'kuzima, poti a Nurdin anali atatseka mafuta potera. Koma pang'onopo panakwanira. Ena anathawira m'chimanga, kusiya makasu ndi nsapato. Chingwe chimene chinali paphewa pa Laston chinali pansi, chitaduka pawiri ngati mwachita ndi lumo. Pambali pake, mu fumbi, panali zala.

Laston anayang'ana chingwe, nayang'ana malaya ake atafiira ndi magazi a munthu wina, nadzigwira pakhosi. Kenaka anatola chidutswa cha chingwecho n'kumanga mkono wa Enoki mwamphamvu, akukoka ndi mano.

"Tanyamulani enawo!" anakalipira anzake, akuloza a Nurdin. "Mukuyang'ana chiyani? Amene aponyenso mwala aonana ndi ine!"

Lole yomweyo ya fodya ndiyo inawathamangira nawo kuchipatala cha ku boma. Dzanja analidulira pamfundo. Kumsana anamusoka ngati thumba.

Patapita masiku Laston anabwera kunyumba kwa Enoki ndi tambala m'khwapa. Imelda anamutulukira ndi munsi, ndipo anachita bwino. Ife a pabanja munthu ameneyo sitinamupatse mpando, ndipo sadzaupeza. Enoki yekha ndiye amamuyankha moni akakumana pamsika, ndipo tikamukalipira amangoti munthuyo ankadziwa za lole basi.

Kuchipatala kuja, Enoki atangotsitsimuka, anapeza a Nurdin pabedi loyandikana, mutu uli m'mabandeji. Sanafunse za dzanja, poti anali ataliona kale.

"Achimwene," anatero, mawu akutuluka movutikira pa mano otsala, "magineto anayaka aja ndi ati?"

"Ukufunsa ukudziwa. Anga aja anali atafa kale. Ndi nkhalamba yako."

Enoki anatseka maso.

"Ndinkakuuzani ine kuti siphonya."

Mpaka lero magineto amenewo ali kumanzere kwa injini yomweyo. Enoki akafuna kuwapukuta amawapana pa benchi, n'kuwatsegula ndi dzanja limene linatsala.